Dzimbiri, msoko kapena zolembedwa: chodalirika ndi chiti pogula chitini chakale cha oyilo?

Osonkhanitsa zitini zakale za oyilo wa galimoto, makamaka za ku America, amadalira njira zitatu pofuna kusiyanitsa chenicheni ndi chachinyengo, koma njirazi sizilingana mphamvu.

Ambiri amathamangira kuona dzimbiri, pomwe ndi mboni yosavuta kuigula. Viniga ndi mchere zimakalambitsa chitini pa masiku ochepa chabe. Dzimbiri lochita kupangali limakhala lofiira mowala, lofanana ponseponse, ndipo limatsalira m'manja, pomwe la zaka zambiri limakhala loderako ndipo limayambira kunsi ndi m'mphepete, momwe chinyontho chinkakhazikika.

Kuunika msoko (pamene chitsulo cha chitini chinalumikizidwa) ndi utoto kumaposa pamenepo. Pa zitini zachitsulo za m'ma 1930 ndi 1940, chithunzi chinkadindidwa chitsulo chikadali chophwatalala, kenako n'kuchipinda ndi kuchiwotcherera ndi mtovu, choncho m'mbali mwa msoko mumatsala kamzere kotuwa kopanda utoto. Mukaona chithunzi chikudutsa pamwamba pa msoko, kapena chikhadabo chikukodwa m'mphepete mwa chinthu chomatidwa, dziwani kuti wina anatenga chitini chakale chotchipa n'kuchiveka malaya atsopano a kampani yosowa. Galasi lokuzira zinthu limamaliza mlandu, pakuti makina osindikizira a masiku ano amasiya timadontho tosakanikirana ta mitundu inayi ngakhale pa zilembo, pomwe pa zitini zambiri zakale mtundu uliwonse unkagona wokha mosalala. Vuto la njirayi n'lakuti imafuna chitini chili m'manja, ndipo wogulitsa wochenjera pa eBay, msika wa pa intaneti, amajambula kumaso kokha, msoko n'kuubisa.

Kwa ogula kudzera pa zithunzi, ine ndimaika patsogolo kuwerenga zolembedwa, chifukwa wachinyengo amalimbikira kukongoletsa n'kuiwala mbiri. Mwachitsanzo, dzina la kampani ya oyilo ya Socony-Vacuum linayamba mu 1931, linasintha kukhala Socony Mobil mu 1955, kenako Mobil Oil mu 1966. Manambala asanu a ZIP code pa adiresi za ku America anayamba mu 1963, ndipo barcode inayamba kugwira ntchito m'masitolo mu 1974. Chitini chimene akuchitcha cha m'ma 1930 koma chili ndi ZIP code, kapena cholembedwa 10W-30, oyilo amene anafika pamsika m'ma 1950, chadziulula chokha.

Komabe zolembedwa zimangogwira bodza, sizitsimikiza choona, pakuti wokopera chitini chenicheni amakoperanso mawu ake onse molondola. N'chifukwa chake chitini chikapambana mayeso a zaka, ndimapempha wogulitsa zithunzi zapafupi za msoko, chivindikiro ndi kunsi kwake ndisanatchule mtengo, ndipo akayamba kuzengereza ndimachisiya.