Madzinja awiri pa matayala a all-season: mmene ayendera pa Noah yathu

Galimoto yathu ndi Toyota Noah ya 2010, yokwera anthu 8, yomwe tinaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam. Imagwira ntchito ngati bulu. Mkati mwa sabata imanyamuka ku Area 25 m'mawa kukatula ana kusukulu kenako n'kulowa m'tauni. Loweruka ndi ya zinkhoswe ndi maukwati, ndipo kukagwa zovuta kumpingo simufunsanso kuti amayi akwera ya ndani. Kamodzi pamwezi timapita kumudzi, kupitirira Nkhoma, ndipo pobwerako siibwera chimanjamanja. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa tayala limene landikomera ine, kwa munthu wa Vitz woyenda yekha mwina n'kungotaya ndalama.

Matayala ndikunenawa ndinagula anayi mu Disembala 2023. Pambali pake palembedwa 195/65R15 95H, M+S, komanso mawu oti all season. Pano adutsa madzinja awiri ndipo ayenda makilomita pafupifupi 24,000. Dzina la kampani ndalisiya dala. Ndi a mtengo wapakatikati, ndipo mmene zilili mu Lilongwe muno, mtundu umene mwauona pashopu mwezi uno mukabwerako mwezi wamawa amakuuzani kuti katundu sanalowe. Manambala a pambali pa tayalawa ndi amene mungapite nawo pashopu iliyonse.

Chimene chinandipititsa kukagula si kutha kwa matayala akale. Amene anabwera ndi galimoto anali ndi mizere yozama bwino, moti ndinkanyadira kuti a ku Japan anandisiyira katundu. Tsiku lina mu Novembala, mvula zoyamba zija zimene zimatsuka fumbi ndi oilo pa tala, ndikuchokera ku Kanengo, wa kabaza anangolowa mumsewu osayang'ana. Liwiro langa silinali lalikulu. Ndinaponda buleki, pedulo n'kuyamba kunjenjemera kuphazi, koma galimoto inkangopitabe ngati ili pa sopo. Inakaima pafupi kwambiri moti mnyamatayo anachita kugwira boneti ndi dzanja. Mayi a kunyumba sanayankhule mpaka tinafika, ndipo amene ali pabanja akudziwa tanthauzo la chete ameneyo.

Mawa lake ndinapita kwa makaniko wanga ku Biwi, ndikuganiza kuti vuto ndi mabuleki. Anayang'ana mapadi, anali bwinobwino. Kenako ananjuta pa tayala, n'kulitsina ndi chala, n'kuseka.

"Bwana, awa ndi a sinowo. Mwakhala mukuyendera amenewa nthawi yonseyi?"

Anandionetsa mawu oti STUDLESS, ndi kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka chipale chofewa mkati. Matayala amenewa amapangidwira nyengo yozizira ya ku Japan. Mphira wake ndi wofewa kuti asaume pozizira kwambiri, ndipo amakhala ndi timing'alu tambirimbiri togwirira pa madzi oundana. Pa tala wotentha kufewa komweko ndiye kumapweteketsa: tayala limanyungunya pokhota, limatha msanga, ndipo pamsewu wonyowa limachedwa kuima kusiyana ndi tayala wamba. Opanga matayala amati ubwino wa mtundu umenewu umayamba kuoneka kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 7. Kuno ngakhale mu Juni, pamene timadandaula kuzizira ndi kuotha mbaula, dzuwa likangokwera tala amatentha kale. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafika ndi matayala oterewa chifukwa mwini wake anaigulitsa nyengo yozizira isanathe, ife kuno n'kumayamikira kuzama kwa mizere.

Anandionetsanso manambala anayi amene amakhala kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Panga panali 4416, kutanthauza sabata ya 44 ya chaka cha 2016. Tayala la zaka 7. Ine zonsezi sindinkazidziwa, chonsecho ndakhala pa chiwongolero zaka zoposa khumi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kudya phula lenileni la pa M1.

Nthawi yogula inali yoipitsitsa. Mwezi womwewo wa Novembala 2023 ndi umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye mtengo wa chilichonse chochokera kunja unkasintha munthu uli chiimire pakauntala. Ndinayamba kaye ndazungulira kwa ogulitsa matayala a kaunjika cha ku Malangalanga. Sindingawanyoze, andipulumutsapo kale pa galimoto ina. Ndalama ya tayala limodzi latsopano inkakwana a kaunjika awiri n'kutsalako ya mafuta. Koma popeza maso anali atatseguka, ndinayamba kuwerenga pambali, ndipo ambiri ooneka bwino aja, a mizere yozama, anali a STUDLESS omwewo. Mnyamata wina anandikakamira kuti, "Madala, awa ndi a Japan original, ofewa, simumva n'komwe mahampu." Sanali kunama. Kungoti chimene ankatamacho ndi chimene ndinkathawa.

Mnzanga wina woyendetsa minibasi anandilangiza kuti ndiike matayala a C, aja a 195R15C amene amavala ma Hiace, ati amenewo maenje amachita kuwaopa. Ndi olimbadi, koma ndi aatali kuposa a Noah. Galimoto imakwera, sipidomita imanama, ndipo ikadzaza tayala likhoza kumakhula bodi pokhota. Ndinakana. Saizi ndinatsata yomwe yalembedwa pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. 195 ndi kukula kwa tayala m'lifupi mwake m'mamilimita, 65 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 65 peresenti ya kukulako, 15 ndi rimu m'mainchesi. Khoma lalitali chonchi ndi limene limameza dzenje rimu isanapindike, n'chifukwa chake ndimawamvera chisoni anzathu amene amaika marimu akuluakulu ndi matayala opyapyala kuti galimoto ioneke bwino pa Bwandilo.

Pamene ndinasinthapo ndi pa nambala yotsatira. Galimoto inapangidwira matayala a 91, ndipo 91 amatanthauza kuti tayala limodzi limasenza makilogalamu 615. Amene ndinagula ndi a 95, olembedwanso XL, kutanthauza olimbitsidwa kuti azinyamula katundu wochulukirapo, osenza makilogalamu 690 akapopedwa mokwanira. Kusiyana kwake kumaoneka kochepa mpaka mutakweza apongozi, alamu awiri, ana, matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 ndi nkhuku ya mphatso, kulemera konse n'kutsamira kumbuyo. Kutsika pansi pa nambala imene opanga galimoto analemba ndiye musayerekeze, ngakhale tayala litakwana bwino pa rimu. Chilembo cha H ndi liwiro, makilomita 210 pa ola, limene Noah yanga siidzalifika ngakhale potsetsereka.

Nanga mawu oti all season? Apa ndiye pali nkhani imene wogulitsa sangakuuzeni. Nyengo zonse zimene azungu amanena ndi zawo, kuphatikizapo yozizira ya chipale chofewa. Ife nyengo zathu ndi mvula, fumbi ndi dzuwa la Okutobala. Tayala labwino la mtundu umene amautcha summer, lomwe kwenikweni ndi tayala wamba la kotentha, limagwira bwino pa tala wouma ndi wonyowa yemwe, nthawi zambiri kuposa la all-season. Ndikanapeza loterolo la 95 pa mtengo womwewo ndikanatenga osaganiza kawiri. Ndinatenga awa chifukwa ndi amene analipo anayi ofanana, a deti yatsopano, 3123, ndipo pambali panalembedwa Traction A ndi Temperature A. Loyambalo likunena za kuima pamsewu wonyowa, lachiwirilo kupirira kutentha. Zimenezo ndi zimene ndinalipira, osati mawu a nyengo aja.

Pa mvula andisangalatsa. Sindikunena zongomva, ndikunena za msewu womwewo wa Kanengo mu Januwale, madzi atadzaza m'mikwasa ya matayala a mathiraki. Kale chiwongolero chinkapepuka m'manja ndikalowa m'madzi oterowo, mtima n'kudumpha. Pano galimoto imadula madzi n'kupitirira, bola liwiro likhale la munthu wanzeru. Ndaponda buleki mwadzidzidzi kangapo m'madzinja awiriwa, chifukwa mbuzi ndi njinga zamoto sizinasamuke, ndipo kunjenjemera kwa pedulo kuja ndakumva kamodzi kokha. Pa maraundabauti galimoto siipendekanso ngati bwato, ana a kumpando wakumbuyo anasiya kudandaula chizungulire.

Pa kutentha ndinawayesa paulendo wa ku Senga Bay mu Okutobala, galimoto itadzaza, kutsika zitunda za msewu wa Salima masana. Titaima ndinagwira matayala onse, anali otentha mofanana, popanda fungo la mphira. Palibe zambiri zoti ndinene pamenepo, anagwira ntchito yake.

Maenje ndiye mayeso enieni. Usiku wina cha ku Nathenje ndinagwera m'dzenje lodzaza madzi, phokoso lake mpaka mwana wogona anadzuka. Ndinaima, kuunika ndi foni, ndikuyembekezera chotupa pambali pa tayala. Panalibe, ndipo mpaka lero sichinatuluke. Sindinganene kuti ndi XL yokha inandipulumutsa, mwina linali tsiku langa chabe, koma tayala lakale lija sindikukhulupirira kuti likanapulumuka. Kuponcha kwachitika kamodzi, msomali wa malata, anamata ndipo mpweya sukutuluka.

Tsopano zimene sizinandikomere. Galimoto inauma. Pa msewu wa fumbi wochokera pa tala kupita kunyumba kwathu, timiyala ndi timizere ta msewu timamveka mpaka m'mano, makamaka ikakhala yopanda katundu. Amayi anga, amene sadziwa kanthu za matayala, anafunsa okha kuti, "Kodi mwanawe, galimotoyi yakalamba?" Phokoso nalo linayamba atadutsa makilomita 15,000, kulira kwapansipansi kumene kumamveka mukadutsa 80 pa tala wokhakhala. Wailesi imakuphimba, koma kulipo. Mafuta sindinaone kusintha koti n'kulemba.

Chachikulu ndi chilembo cha M chija. M+S amati ndi matope ndi chipale chofewa, ndipo ine ndinakhulupirira theka loyambalo. Mu Febuluwale, titakhota pa Kamphata n'kudutsa Nkhoma, tinalowa msewu wa kumudzi mvula itagwa usiku wonse. Pa kachitunda kena ka dothi lofiira mizere yonse inadzaza matope, matayala n'kusanduka osalala ngati mbale. Noah yanga imakoka ndi kutsogolo kokha, ndipo katundu ali kumbuyo kutsogoloko kumapepuka. Anatikankha anyamata asanu a m'mudzimo, ndinalipira ya sopo. Tayalali ndi la pa tala. Amene amayenda m'matope sabata iliyonse asanamizidwe ndi chilembocho.

Kudandaula kwina ndi kwa shopu, osati tayala. Anandiikira matayala atsopano pa mavalavu akale osandifunsa, ndipo limodzi linayamba kuphwa pang'onopang'ono patangotha milungu itatu. Ndinataya masiku ndikufunafuna msomali umene kunalibe. Manati anamanga ndi makina a mpweya mpaka tsiku loponcha lija sipanala ya m'galimoto inakanika, ndinachita kuimirira pamwamba pake. Za alayimenti, kuwongola mawilo kuti aziyenda molunjika, ndiye ndidzudzule ndekha. Anandiuza, ine n'kuona kuti ndalama zatha kale, ndinati ndidzabwera. Ndinabweradi patatha miyezi isanu, tayala lakumanzere kutsogolo litadyeka kale mkati. Moyo wina wa tayala limenelo unapita chifukwa cha kuumira kwanga.

Kuchokera pamenepo ndimasinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 10,000 alionse. Mpweya ndimayeza m'mawa matayala asanatenthe, 240 kPa monga palembedwera pa chitseko, yomwe ndi pafupifupi 35 kwa amene geji yawo ili mu psi, ndipo tikamapita kumudzi ndimaonjezerako pang'ono kumbuyo. Ndinagula kageji kanga chifukwa mapampu a m'mafilingi siteshoni sagwirizana, uku akuti 30 uko akuti 38 tayala lomwelo. Ndipo mnyamata wopopa akamenya tayala ndi chala n'kunena kuti "lili bho", muuzeni aike geji.

Sabata yatha makaniko anayeza mizere. Atsopano anali pafupifupi mamilimita 8, pano atatu ali pa 5, lodyeka lija lili pa 4 m'mbali yamkati. M'kati mwa mizere muli timizere topingasa tosonyeza malire a mamilimita 1.6, koma ine sindidzadikira kufika pamenepo, chifukwa pa mvula tayala limayamba kufooka kale likatsika pansi pa 3. Mmene akuthera, dzinja limodzi lina alitha bwinobwino. Akadzapezeka omwewa pa nthawiyo ndidzagulanso, koma ndidzayamba ndafunsa kaye la summer la 95.

Tili pomwepo makaniko anatsitsa kasipeya kakang'ono ka galimotoyi kuti tikaone. Sikanagwirepo ntchito kupatula tsiku loponcha lija, mizere yake ili ngati yatsopano, koma deti yake ndi ya 2010 ndipo m'mbali mwayamba timing'alu. A Michelin amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, sipeya yomwe. Pa kasipeyako palembedwa kuti kazikhala ndi mpweya wa 420 kPa. Titaika geji, kanali ndi 150.