Telemetry ikasiya kufika mudziwa bwanji: malogi a SDK, Collector kapena heartbeat?

Telemetry, deta yomwe pulogalamu imatumiza yofotokoza momwe ikuyendera, ikafa imafa mwakachetechete. Ma SDK ambiri (zida zomwe mumaika mu pulogalamu kuti zizitumiza detayi) anawapanga dala kuti asagwetse pulogalamu yanu: deta imayamba yadikira pamzere, kenako thread ina (gawo la pulogalamu loyenda palokha) n'kuitumiza nthawi yake ikakwana, ndiye try/catch yanu yogwirira zolakwika siigwira kanthu. Mu OpenTelemetry, gulu la zida zotolera ndi kutumiza telemetry, mzerewo umanyamula ma span (zolemba za ntchito iliyonse yomwe pulogalamu yachita) 2048 ngati simunasinthe, ndipo ukadzaza atsopano amangotayidwa. StatsD, chida china chotumizira manambala, ndiye osanena, imaponya pa UDP ku port 8125 osadikira yankho.

Ambiri amathamangira kuyatsa malogi a SDK. Pofufuza chomwe chavuta malogiwa amathandizadi, chifukwa mumaona zomwe seva yayankha: 401 ndiye kuti kiyi ndi yolakwika, 429 mwapyola malire. Koma tadzifunsani, malogiwo akupita kuti? Kawirikawiri ndi ku sevisi yomweyo yomwe yasiya kulandira. Wamthenga wakakamira pamlatho womwe anatumidwa kuti akanene kuti waduka.

OpenTelemetry Collector, pulogalamu yapadera yomwe imalandira telemetry n'kuipititsa komwe ikasungidwe, imaposa pamenepa. Pulogalamu imatumiza kwa iyo pa port 4317 kapena 4318, ntchito yolimbana ndi intaneti n'kukhala ya Collector. Kutumiza kukakanika imayesanso mpaka mphindi 5, ndipo pa port 8888 imaonetsa manambala ake: otelcol_exporter_send_failed_spans (ma span olephera kutumizidwa), kutalika kwa mzere ndi ena. Prometheus, chida chotolera ndi kuyang'anira manambala otere, ikamawatenga mumapezanso nambala yotchedwa up, yomwe imatsika kufika pa 0 Collector ikasiya kuyankha. Chenjerani ndi chinthu chimodzi chomwe chimapusitsa anthu: pulogalamu ikasiyiratu kutumiza, nambala ya zolephera siikwera, popeza palibe chomwe chikuyesedwa. Dashboard imaoneka bwinobwino pomwe simukuona kalikonse. Choncho muziyang'ananso otelcol_receiver_accepted_spans, kuti zolowa zikachepa mudziwe.

Heartbeat imagwira ntchito mosiyana ndi ziwirizi, chifukwa siidikira kuti wina adandaule. Pulogalamu imatumiza kachizindikiro mphindi iliyonse, ndipo alamu imalira kachizindikirako kakasowa. Mu Prometheus absent() imachita zimenezi. Kachizindikirako kazidutsa njira yeniyeni ya telemetry yonse, kiyi yomweyo, exporter (gawo lotumiza deta kunja) yomweyo, apo ayi mukuyesa njira ina. Nanga sevisi yoyang'anirayo ikagwa yokha? Apa mpomwe pamafunika wachitatu wakunja. Mu kube-prometheus, phukusi la Prometheus lokonzedwa kale, muli alamu ya Watchdog yomwe imalira nthawi zonse. Mumailozetsa ku sevisi yakunja ngati Healthchecks.io kapena Dead Man's Snitch, ndipo iwo amakudziwitsani ikakhala chete.

Kufooka kwa heartbeat nkwakuti siikuuzani chifukwa, komanso siizindikira pamene theka lokha la deta likutayika. Zimenezo ndi za Collector ndi malogi.

Ngati nthawi ikukulolani chimodzi chokha, ine ndikuti yambani ndi heartbeat yakunja, Collector ibwere pambuyo. Alamuyo isalire kachizindikiro kakangophonya kamodzi. Ipatseni mphindi zingapo, chifukwa alamu yolira pachabe usiku anthu sachedwa kuizimitsa.