Kuoda ku Limbe, ku Bvumbwe kapena kukwera mpaka ku Lizulu?

Ambirife amene tili ndi mabenchi ku Ndirande, Bangwe ndi Chilomoni timangothamangira ku Limbe mbandakucha malole akamatsitsa, ndipo ubwino wake ngoonekeratu: tomato, anyezi, kabichi, nthochi, zonse pamalo amodzi, ukwera minibasi basi pofika 7 koloko wayala kale. Koma tisanamizane, katundu ameneyu wadutsa kale m'manja ambiri, mlimi wagulitsa kwa venda, venda walipira lole, kenako wopikulitsa naye aikepo yake, ndiye iwe ukamapanga milu kaphindu kamakhala kochepetsetsa. Komanso dengu la tomato osamangoona pamwamba ayi, pisani dzanja mpaka pansi, kumeneko nkomwe kumabisala wophwanyika uja wayamba kale kutuluka madzi.

Ku Bvumbwe ine ndimakukonda pa zamasamba. Ndi pafupi, msewu wa ku Thyolo womwewu, ndipo repu, mpiru ndi tchainizi umazipeza zongothyoledwa kumene kudimba, tsinde lake ukalipinda limathyoka kuti thyo, osati zofota zija umachita kuwaza madzi tsiku lonse kuti kasitomala asadutse. Nthawi zambiri umakambirana ndi mlimi mwini wake, mukazolowerana amakuikira ndi basela. Vuto nloti masamba sachedwa kufota, ukaoda ambiri chifukwa atchipa mawa lake ukutaya, ndiye tengani oti atha lero lomwelo.

Tsono Lizulu ndi Tsangano ku Ntcheu uko ndi nkhani ina. Kachewere, kabichi, anyezi, karoti mitengo yake imakoma zedi poti ndi kuchimake, wina amachokeranso tsidya la Mozambique, koma ulendo wake si wamasewera, M1 yonse ija kudutsa Zalewa ndi Chingeni, thiransipoti ya iwe ndi ya matumba, ndiye mafuta akasowa ngati mmene zimachitikira muno mtengo wa lole umakwera tsiku lomwelo. Wa mpamba wochepa asayerekeze kupita yekha, thiransipoti idya phindu lonse. Sonkhanani anthu angapo, mutume mmodzi wokhulupirika, ndipo muzitenga zinthu zolimba zomwe zimatha masiku osawola. Tomato wakupsa kuchokera kumeneko nthawi yotentha ayi ndithu, bola wosapsetsa azipsera pa benchi.

Zipatso zilibe mpikisano kwenikweni, zimangotsata nyengo, manachesi a ku Mwanza nthawi yozizira, zinanazi za ku Mulanje. Nthochi zokha ndi zomwe zimandiwawa mtima, Thyolo yomwe inkadyetsa Blantyre yonse inapululuka ndi matenda a chisaka, pano zambiri zikuchokera ku Tanzania ndi Mozambique nchifukwa chake zikudula chonchi, ndipo kwa izi kulibwino kungodikira lole ku Limbe konko.

Ineyo ndimati masamba ku Bvumbwe, kachewere ndi anyezi ku Lizulu mukakhala pagulu, tomato ku Limbe makamaka miyezi ya mvula pomwe amasowa ndipo suungayerekeze kuoda wambiri.