Miyezi 9 mwana wanga akuphunzira pa Florida Virtual School

Mu Ogasiti ndinalemba kuti mnyamata wanga wayamba kuphunzirira pakhomo kuno ku Jacksonville, ku Florida m'dziko la America, ndipo ndamulembetsa masamu ndi sayansi pa FLVS Flex, nthambi ya Florida Virtual School yomwe ana ophunzirira pakhomo amasankhapo maphunziro amene akufuna. Sukuluyi ndi yaboma, imaphunzitsa pa intaneti, inayamba mu 1997, ndipo ife okhala mu Florida sitilipira kalikonse. Nthawi imeneyo ndinkangotamanda zaulerezo. Lero chimene chandigwira mtima ndi foni ya aphunzitsi.

Amaitchula kuti DBA (Discussion-Based Assessment), mayeso apakamwa. Mwana akamaliza gawo, amalankhula ndi aphunzitsi ake pafoni, iwo n'kumamufunsa pakamwa kuti afotokoze zimene waphunzira. Tsiku loyamba anakhala patebulo la kukhitchini m'manja muli thukuta, akufufuta yankho mpaka pepala linabooka. Aphunzitsiwo sanamupanikize. Anangomuuza kuti ayambirenso, anene chifukwa chake wagawa m'malo mochulukitsa. Ine ndinali pasinki, mpopi nditatseka kuti ndimve bwino. Mafunso a pakompyuta mwana atha kungolotera n'kukhoza, koma pafoni alibe pobisala. Masiku ano amayeserera yekha mokweza foniyo isanalire, ndipo mawu ake sanjenjemeranso.

Tinapunthwa mu Januwale, atandisinthira shifiti kuntchito. Pa Flex palibe belu. Pali ndondomeko yosonyeza ntchito ya sabata iliyonse, koma woilondola tsiku ndi tsiku ndi kholo. Ine nditatayirira, mwana anatsalira masabata atatu, ndipo tinabwezera nthawiyo pophunzira Loweruka lililonse mpaka Malichi. Zinandipweteka, chifukwa kulakwa kunali kwanga osati kwake.

Makolo anzanga amene mwakhala mukundifunsa, musaganize kuti mukalembetsa ndiye kuti mwatula katundu. Kalata yodziwitsa ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu pasanathe masiku 30 mutayamba, kusunga ntchito zimene mwana walemba, kuunikitsa maphunziro ake kamodzi pachaka, zonsezi zili pamutu panu. Komanso Flex sipereka diploma, satifiketi yomaliza sekondale. Wofuna diploma ya sukuluyi alowe FLVS Full Time, komwe amatsata kalendala ya sukulu ndi mayeso a boma.

Ife tipitiriza ndi Flex. Chaka chamawa ndimuwonjezera Chisipanishi, chifukwa anzake ambiri a kumpira amalankhula chimenecho, ndipo ndapempha kale kuntchito kuti andibwezere shifiti ya masana.