Cooper Black: fonti ya pa chikwangwani, osati ya m'ndime

Mwa mafonti (mitundu ya kalembedwe ka zilembo) onenepa okhala ndi timiyendo kumapeto kwa zilembo, Cooper Black ndi imene timailimbikitsa pa chikwangwani cha shopu, pa malaya ndi pa posita, bola mawu akhale ochepa. Anaijambula ndi Oswald Cooper wa ku Chicago, ndipo kampani ya Barnhart Brothers & Spindler inaitulutsa mu 1922. Ambiri ali nayo kale m'kompyuta chifukwa imabwera ndi Microsoft Office. Dzina la ndege za easyJet nalonso limalembedwa ndi zilembo zimenezi.

Ubwino wake waukulu n'ngwakuti ilibe ngodya zakuthwa. Timiyendo take n'tozungulira, kadontho ka i ndi j kali ngati dzira, ndipo bowo la mkati mwa O lapendekera kumbuyo pang'ono. Kwa wodula zilembo pa vinyl, pulasitiki yomata pa chikwangwani, zimenezi n'zofunika, chifukwa ngodya yakuthwa ndi imene imang'ambika posenda zotsala, ndiponso ndi imene imayamba kumatuka chikwangwani chikamenyedwa ndi dzuwa ndi mvula. Fonti ina yonenepa, Abril Fatface, ndi yokongola, inde, koma mizere yake yopyapyala imaduka pa ntchito yomweyi, ndipo munthu ali patali saiona n'komwe. Cooper Black ilibe mzere wowonda chotero.

Vuto lili m'mabowo a zilembo a ndi e. Ndi aang'ono kwambiri, moti mukatsika pansi pa 18 pt (pt ndi muyeso wa kukula kwa zilembo m'kompyuta) inki imawatseka, makamaka pa nsalu kapena pa pepala lomwa inki. Yambirani pa 24 pt kupita m'mwamba. Pa makina opeta, chilembo chisachepere sentimita imodzi, apo ayi ulusi udzadzaza mabowowo. Mitengo, adiresi ndi nambala ya foni zilembeni ndi fonti yosanenepa monga Arial. Pa chikwangwani cha pamsewu, werengerani masentimita 2.5 a msinkhu wa chilembo pa mamita 3 alionse amene wowerenga watalikira.

Fontiyi ndi yotambalala, ndipo mawu athu ndi aatali. "Tikukulandirani" amadya malo ambiri, ndiye ena amangowapanikiza kuti akwane. Musatero. Mizere yoimirira imawonda pamene yopingasa ikhalabe yonenepa, zilembo n'kuoneka zolumala. Chepetsani msinkhu kapena gawani uthenga m'mizere iwiri. Zilembo zing'onozing'ono (a, b, c) zimawerengeka bwino kuposa zazikulu (A, B, C) zokhazokha, ndipo zimafuna kuyandikana, koma onetsetsani pamene m ndi w kapena n, k ndi h zatsatizana kuti timiyendo tisagundane.

Musanalonjeze kasitomala, lembani Malaŵi n'kuyang'anitsitsa ŵ. Ngati mtundu wa fonti umene muli nawo ulibe chilembochi, pulogalamu imabwereka cha fonti ina mwakachetechete, ndipo chimatuluka chowonda pakati pa zinzake. Mutha kujambula kachipewako nokha pamwamba pa w. Pa ng', monga mu ng'ombe, gwiritsani ntchito kachizindikiro kopindika, chifukwa kowongoka sikagwirizana ndi zilembo zozungulirazi.

Potumiza fayilo kwa osindikiza, sandutsani mawu kukhala zojambula: dinani Ctrl+Q mu pulogalamu ya CorelDRAW, kapena Ctrl+Shift+O mu ya Illustrator. Sungani kope lina losasandutsa, chifukwa mukasandutsa simungakonzenso chilembo cholakwika mwa kungolemba.