Mawaya a masipika aja, patha miyezi 9 tsopano

Ndinalonjeza kuti ndidzanena mmene mawaya aja akuyendera, ndiye ndi izi. Kwa amene simunamve, ndimakhala ku Senga Bay, ampu (amplifier, chida chopatsa masipika mphamvu) ili pabalaza koma masipika awiri ndinawapachika pakhonde lakuseri, waya imadutsa m'siling'i mamita 20.

Poyamba paja ndinagula kawaya kotchipa ka 0.75mm, kofiira uku kwakuda uku, besi yake inali yozizira ngati nsima yogona. Nkhani yake ndi yoti magetsi amapita n'kubwerera, ndiye mamita 20 ndi 40 amenewo, kawaya kotero ngakhale kakhale ka kopa weniweni kamawonjezera pafupifupi 1 ohm (muyezo wa mmene chinthu chimatchingira magetsi kuyenda) pa sipika ya 8 ohms, mphamvu ina ikungothera m'njira. Tsono kanga sikanalinso ka kopa aise, nditapala ndi mpeni mkati munali moyera, aluminiyamu wongokutira kopa pamwamba, amati CCA. Ndi chinyezi chakunyanja kuno dzinja lisanathe nsonga zinali zitayamba kuthothoka.

Mu February ndinakagula ya 2.5mm ku Lilongwe, ndinapala ndili mushopu momwemo wogulitsa akundiyang'ana ngati ndapenga. Iyi pa mtunda womwewo sifika ndi 0.3 ohm yomwe. Besi inabwerera, voliyumu sindikwezanso mpaka kumapeto, ndipo kutentha kwa October pansi pa malata sikunaichite kanthu. Nsonga zapakhonde zada pang'ono, ndinangodula n'kusenda zatsopano basi. Zija za mitu yagolide zodula zija musavutike nazo, ine makutu anga sakumva kusiyana.

Pomwe ndinapusa ndi pa RCA, waya yotenga mawu kuchoka pa TV kulowetsa mu ampu. Ndinakoka ya mamita 10 kuchoka pa TV kupita ku ampu, moyandikana ndi waya ya magetsi, mmmm osatha usiku onse mpaka madamu anati ndizimitse zinthu zangazo. Kulira kumeneko ndi kwa magetsi a 50Hz, RCA ikatalika imatola phokoso. Ndinasuntha ampu kuiyika pansi pa TV, RCA ya mita imodzi ndi theka, zii. Yoti italike ndi ya sipika, osati RCA, pokhapokha ngati zida zanu zili ndi polowetsa XLR, mtundu wina wa waya ya mawu yomwe sitola phokoso msanga ngakhale italike.

Makoswe okha ndiye andionetsa. Mapaipi a conduit otetezera waya anandiperewera mamita atatu ndikuti aaa palibe vuto, mu July sipika yakumanzere inangoti phee, kukwera m'mwamba ndapeza atatafuna pomwepo. Ndinalumikiza ndi tepi, paipi mpaka lero sindinagule.