Gulu la maseŵera a m'mamawa cha ku Kapata: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Timakumana pabwalo la mpira ku Kapata, mumzinda wa Chipata, dzuwa lisanatuluke, amayi ambiri ndi abambo ochepa, n'kumalumpha ndi kuvina motsatira nyimbo zapasipika. Loweruka timakwera phiri la Kanjala. Akochi athu ndi munthu wodekha, sakalipira wotsalira m'mbuyo, ndipo amene maondo amamuvuta amamupatsa zake zopepuka. Asanakulembe m'buku amayamba afunsa za BP ndi shuga. Malipiro apamwezi ngakhale ine wogulitsa pamsika ndimawakwanitsa.

Miyezi yoyambirira sikelo inkatsika bwino, mwina theka la kilo pa sabata, BP nayo inatsika mpaka anesi kukiliniki anandiyamikira. Ndimawalemekeza akochi chifukwa salonjeza zozizwitsa ngati ogulitsa tiyi wochepetsa thupi pa Facebook, tiyi amene nthawi zambiri amangotsegula m'mimba n'kukuchotsa madzi. Iwo amati kuchotsa makilo 5 mpaka 10 pa makilo 100 alionse kumathandiza kale mtima ndi shuga, ndipo amatikumbutsa mphindi 150 pa sabata zimene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu.

Vuto linayamba sikelo itaima. Thupi likachepa limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu zochepa kuposa kale, pomwe njala imakula, ndipo njala imeneyi imatha kukhalapo chaka chathunthu kapena kupitirira. Si ulesi ayi, ndi mmene thupi limadzitetezera. Izi akochi anayenera kutiuza tsiku loyamba, chifukwa anzanga angapo anagwa ulesi poganiza kuti alephera okha.

Pepala la zakudya limene amapereka silikugwirizana ndi khomo la ku Chipata. Muli maapozi, oats ndi chidale cha nkhuku, nsima mulibe. Ndani angaphike miphika iwiri tsiku lililonse, wa ana ndi wake? Chimene chinandithandiza ine ndi kusiya ufa wa breakfast n'kubwerera ku mgaiwa, kuchepetsa mitanda, kuchulutsa chibwabwa, bondwe ndi nyemba, kuthira saladi (mafuta ophikira) pang'ono mundiwo, ndi kuleka vitumbuwa ndi tiyi wa shuga wambiri pamsika. Zotendera ndimadyabe, koma nsinjiro ndimayeza, pakuti nshawa zili ndi mafuta ambiri.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha nyengo ya mvula. Kuyambira Disembala bwalo limadzaza matope, ena amapita kuminda, gulu n'kumwazika mpaka cha m'Malichi. Palibe amene amakuimbira foni. Pomwepo ndi pamene Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano zimafika ndi mpunga, nkhuku ndi zakumwa zotsekemera, ndipo pa makilo amene ndinachotsa, pafupifupi theka anabwerera. Onjezanipo pakamwa pa anthu: ukachepa thupi kwathu kuno amayamba kunong'onezana kuti ukudwala, apongozi n'kumakuwonjezera nsima mwachifundo. Munthu uli wekha sungalimbe nazo zimenezi.

Akochi, ndikupempha mutipezere holo ya sukulu kapena ya tchalitchi nthawi ya dzinja, ndipo mutsegule tsiku limodzi pa sabata la ife amene tinachepa kale, tiziyezedwa ndi kulimbikitsana. Amene muli ndi BP kapena shuga, yambani mwaonana ndi akukiliniki, kenako bwerani ndi nsapato zofewa ndi botolo la madzi. Ine ndalembetsanso mwezi uno.